Zimene Amuna Anga Ankauza Nsomba

Amuna anga anayamba kuwedza nsomba chifukwa dokotala anawauza kuti atero. Ndinaseka tsiku limenelo, ndipo kanali koyamba kumveka kuseka m'nyumba mwathu chimwalirireni mwana. Munthu wa BP yokwera, manja onjenjemera, tulo osalipeza, mankhwala ake akhale ndodo ndi mbedza? Ndinati dokotala ameneyo sukulu yake anaphunzirira pawindo.

Iwo amayendetsa ambulansi. Kwa zaka khumi ndi zisanu anakhala akunyamula anthu othyoka miyendo, okomoka, amayi oyembekezera, n'kubwera kunyumba kudzadya bwinobwino. Koma Lachiwiri lina anaitanidwa kuti galimoto yagunda mwana pageti la sukulu. Atafika n'kutsegula chitseko chakumbuyo, mwana amene anthu ankabwera atamunyamula anali wathu. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tinkamutcha Kaphokoso, poti ankayankhula kuyambira podzuka mpaka pogona, ngakhale ali m'bafa. Bambo ake anayendetsa okha ambulansiyo, ndipo mwana anatsirizika asanafike kuchipatala.

Kuyambira pamenepo kapu ya tiyi inkawavuta kuifikitsa pakamwa. Akaweruka ankalowa kuchipinda kwa mwanayo n'kukhala pakabedi kake, ali ndwii. Ine ndine telala, makina anga ali pabalaza pafupi ndi windo, ndiye ndinkapalasa makinawo mwamphamvu kuti ndisamve mmene akupumira.

Ndodo yowedzera anawabwereka amakanika achikulire a kugalaja kumene amakonzetsa ambulansi. Loweruka lililonse ankanyamuka kutangocha kupita kukanyanja kena ka m'mapiri, ka madzi ozizira, komwe kuli nsomba zotchedwa tirauti ndi zina zakamwa lalikulu zimene amati basi. Ankabwera dzuwa lili pamutu, chikwama chili mbee.

"Nsomba zili kuti?" ndinkawafunsa.

"Timazibweza m'madzi."

"Mukawotche mafuta, muzizidwe, muigwire, kenako muibweze? Mwandiona ngati mwana eti?"

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo sindibisa, ndinaganiza za mkazi wina. Ndinkanunkhiza malaya awo ndisanachape. Munkangomveka fungo la nsomba ndi matope.

Chodabwitsa n'chakuti anayamba kuchira. Manja analeka kunjenjemera, chakudya chinayamba kutha m'mbale, ndipo tsiku lina ndinawamva akuimba mluzu pometa ndevu. Ndinayenera kusangalala, koma ndinawachitira nsanje. Ine yunifolomu ya mwana imene ndinaisiya yosapinda m'munsi inali idakali pahang'ala, mapini ali momwemo, ndipo ndinkalephera ngakhale kuikhudza.

Kenako anayamba kuiwala. Aneba athu anatchula ngozi ya basi imene amuna anga anachita kuzungulira maulendo anayi kututa anthu, imene ankailota kwa chaka chathunthu. Iwo anangofunsa kuti, "Ngozi iti?" Tinaseka, tinati ukalamba. Koma m'mawa wina, ndikudula nsalu, anatola tinsapato tasukulu timene tinkakhala kuseri kwa chitseko.

"Kasitomala wanu wina waiwala nsapato za mwana wake," anatero.

Sizasi inandigwa m'manja. "Bambo a Kaphokoso, mwati chiyani?"

"Koma dzina limeneli mumanditchuliranji? Ndakhala ndikufuna kukufunsani. Kaphokoso ndani?"

Ndinawayang'ana m'maso kuti ndione ngati ndi nthabwala zoipa. Munalibe kanthu m'menemo, munali mwa munthu wogona bwino. Ndinachotsa chithunzi pakhoma n'kuwaikira pamphuno. Anachiyang'anitsitsa n'kumwetulira.

"Kamwana kosangalatsa. Ndi ka achemwali anu?"

Mwana tinamuika m'manda kamodzi, ndipo apa ndinaona kuti akuikidwanso kachiwiri, ine ndili chiimire ndi chithunzi m'manja. Ngati bambo ake samudziwa, ndiye kuti padziko pano ndatsala ndekha wodziwa mmene ankatchulira mawu molakwika, mmene ankabisira nyama m'thumba la diresi. Ndinachita mantha, komanso ndinapsa mtima kwambiri.

Loweruka lotsatira ndinavala juzi ziwiri n'kukakhala m'galimoto iwo asanatuluke. Sanakane. Anati, "Mwachita bwino. Inunso nkhope yanu ndi yotopa."

Tinafika kutawala kale, koma chifunga chinali chisanachoke pamadzi. Kanyanjako kanali phee, mitengo ya paini itakazungulira. Kunalibe mbalame, ngakhale chule. M'mphepete munaima azibambo asanu kapena asanu ndi mmodzi motalikirana, aliyense ndi ndodo yake, ndipo palibe amene anatipatsa moni. Amene anali pafupi nafe anakoka nsomba, anaichotsa mbedza, n'kuwerama ngati akufuna kuipsompsona. Milomo yake inkagwedera. Atatha anaibweza m'madzi, anaweramuka, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene walowa m'chipinda n'kuiwala chimene amadzatenga.

"Akuchita chiyani?" ndinanong'ona.

"Akutula," anatero amuna anga, akumangirira nyambo yapulasitiki kuchingwe. "Amakanika ndi amene anandiphunzitsa. Ukagwira nsomba, umaiuza pakamwa chimene chikukupweteka. Kenako umadulako pang'ono kumchira ndi chowengera zikhadabo, aliyense ndi kadulidwe kake, kuti udzaizindikire, n'kuibweza. Zing'onozing'ono umauza nsomba ya basi. Zolemera umadikira tirauti, poti imakhala pansi, kozizira. Malamulo ndi awiri okha: yodulidwa kale usaiyandikizire khutu, ndipo nsomba ya muno siidyedwa."

"Nanga inu munaziuza chiyani?"

Anaseka. "Ndikanadziwa bwenzi ndisanachire, mayi."

Mawu akuti mayi anandibaya. Kale ankati mayi a Kaphokoso.

Anaponya chingwe, chinalira kuti fyuu n'kukagwera kutali m'chifunga. Amachidziwa chinthu chawo, zimenezo ndivomereze. Posakhalitsa ndodo inapindika, ndipo anakoka basi yobiriwira, yonenepa. Ataona kuti kumchira n'kodulidwa kale anati, "Iyi ndi yanga," n'kundipatsa kuti ndiibweze pamene iwo ankakonza chingwe. Inali yoterera, yozizira. Ine malamulo a amakanika sandikhudza. Ndinaiyandikizira khutu.

Kukamwa kwake kunkatseguka n'kutsekeka, ndipo m'kati munkamveka mawu a amuna anga, aang'ono, ngati wailesi ya nyumba yachitatu. Ankanena za mayi wina wa mu basi ija amene anawagwira dzanja osawasiya mpaka atazizira. Ndinaiponya m'madzi. Ndinakhala pamwala.

Ndinamvera zinayi m'mawa umenewo, mwakabisira. Ina inali ndi nkhani ya abwana awo, ina ya maliro a apongozi anga. Dzuwa litayamba kuboola chifunga, ndodo inapindika mpaka kukhudza madzi. Analimbana nayo nthawi yaitali, akumasula chingwe n'kukokanso. Inali tirauti yaikulu ngati mkono wanga, ya madontho akuda ndi mzere wofiirira m'mbali. Kumchira inadulidwa osati kamodzi, koma kasanu, mpaka kunkaoneka ngati chipeso.

"Ha, iyi ndinaivutitsa," anatero. "Ibwezeni msanga, isafooke."

Anatembenuka n'kupita kugalimoto kukatenga fulasiki ya tiyi. Ine ndinagwada pamiyala yonyowa n'kuika khutu. Ndinamva mawu awo akulira. Ankanena za riboni yachikasu, za nsapato imodzi imene inatsalira pamsewu, za mwana amene anafunsa kuti, "Adadi, mwaliza sayirini chifukwa cha ine?" Zimenezi anali asanandiuzepo.

Ndinena zoona, ndinayesedwa. Kukamwa kwa nsombayo kunali pompo, kotseguka, ndipo ndinaganiza mmene zingakomere kudzuka m'mawa popanda mwala uwu pachifuwa. Milomo yanga inafika mpaka pokhudza mamba ake. Koma ndikanatero, ndani akanatsala womudziwa? Ndinatola mwala n'kuimenya pamutu kawiri. Ndinaikulunga m'juzi yanga n'kuibisa pansi pa chikwama. Bambo anali pafupi nafe uja ankandiyang'ana. Anangopukusa mutu pang'onopang'ono.

Lamlungu masana ndinaipala, ndinataya mutu ndi mchira, ndinaikazinga ndi mchere ndi mandimu. Ndinawauza kuti ndagula kushopu.

"Lero kuli chiyani?" anatero mosangalala, akusamba m'manja.

Anadya nthuli yoyamba, yachiwiri. Pa yachitatu anaima. Foloko inayamba kugunda mbale, ngwe ngwe ngwe. Anayang'ana kuseri kwa chitseko komwe kunali tinsapato, kenako pahang'ala. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwawo sindinawamvepo kwa munthu wamkulu. Anagwa pampando n'kukwawa mpaka kuchipinda kwa mwana, akumuitana.

Mulungu andikhululukire, ndinasangalala. Ndinawatsatira, ndinawakumbatira pansi pomwepo, tinalira limodzi mpaka mawu kutha. Ndinati tsopano tabwerera kukhala awiri.

Atatonthola anandiyang'ana, maso ali psu.

"Inali ya kunyanja," anatero. Silinali funso.

"Anali mwana wanunso. Simungandisiyire ndekha."

"Inu simunali mu ambulansi muja."

Sabata yonseyo sanapite kuntchito. Tiyi ankatayikira pamalaya, chakudya chinkabwerera kukhitchini chosakhudzidwa. Ndikalowa pabalaza iwo ankatuluka, ndikayankhula ankatseka maso ngati mawu anga akuwawotcha. Ndinabisa ndodo ija pamwamba pa wadirobu, kuseri kwa masutikesi, ndipo ndinkadziuza kuti zipola, ndi bala lotsukidwa kumene.

Loweruka ndinadzuka n'kupeza mpando waima pafupi ndi wadirobu. Galimoto panja panalibe.

Ndinakhala pamakina osasoka kanthu. Ndinkadziwa kuti akamutulanso mwanayo, ndipo ndinalumbira kuti ndidzapita ndekha, ndidzaphunzira kuponya chingwe, ndidzakazinga nsomba zonse za m'kanyanjako ngati n'kofunika. Ndinali nditakonzeka kukangana nawo.

Anabwera dzuwa lili pamutu. Ndinamva akutseka geti, akuimba mluzu. Anaimika ndodo pakhonde, anapukuta nsapato pachopondera, n'kulowa. Manja awo anali bata. Ataona tinsapato kuseri kwa chitseko anawerama, anatiwongola bwinobwino kuti tiyang'ane kumodzi, nkhope yawo n'kuchita chisoni chofatsa.

"Kaphokoso wanga," anatero chapansipansi.

Sanamutule! Ndinaimirira, misozi ili m'maso, ndikufuna kuwapepesa pa zonse.

Atandiona anadzidzimuka pang'ono. Anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri, mwaulemu, ngati mmene amachitira ndi achibale a odwala.

"Pepani amayi, sindinakuoneni," anatero. "Mwaswera bwanji? Kodi mukudikira ndani?"