Chilonda Pansi pa Chishalo

Yoramu atafika ku Chalimbana mu 1954 kuchokera kwawo ku Fort Jameson, anauza mzungu wa pa famu ina kuti akavalo amawadziwa kuyambira ali ku usilikali. Zoona zake zinali zakuti kunkhondoko ankangotungira madzi nyulu. Koma ntchito anaipeza. A Langford, mkulu wa ku Nkomeshya amene anasamala akavalo a pa famupo zaka khumi ndi zisanu, mzunguyo anawasamutsira ku dimba, ati manja ayamba kunjenjemera.

M'khola la akavalowo munali kavalo wamkazi wofiirira amene mzunguyo ankakwera poyendera minda ya fodya. Mzunguyo atamugulira chishalo chatsopano ku Lusaka, Yoramu anachikhazika patsogolo kwambiri, nakoka lamba wa pamimba ndi mphamvu zake zonse, poopa kuti bwana angagwe. Pasanathe sabata, ubweya unasosoka pa fupa la pakati pa mapewa, ndipo panatuluka chilonda. Yoramu anachiphimba ndi bulangete. Kavalo uja anayamba kuluma ndi kuponya mateche akangoona chishalo.

Kapitawo atafunsa chimene chavuta, Yoramu anayankha mosaganiza: "Nyama iyi inali bwino. Mufunse amene ninawatengera nchito, kapena anaikapo mankhwala."

Mawuwo anathamanga mu komboni yonse. Pachitsime amayi analeka kuyankha moni wa a Selestina, akazi a Langford.

Lachisanu m'mawa a Langford anabwera kukhola, matope a ku dimba ali m'miyendo. Za mphekesera sanatchulepo. Anasisita kavalo pakhosi, nachotsa bulangete, nayang'ana chilondacho nthawi yaitali.

"Bweretsa chishalo, mwana wanga."

Anachikhazika pamsana mopepuka, kenaka anagwira dzanja la Yoramu. "Lowetsa zala apa kutsogolo. Zalowa zingati?"

"Olo chimozi, ba Langford."

"Zifunika zitatu. Fupa ili silinyamula munthu, yonyamula ni nyama ya m'mbali umu. Manje gwira phewa." Ananyamula mwendo wa kavalo nautambasula, ndipo Yoramu anamva fupa la phewa likubwerera m'mbuyo pansi pa chikhatho chake, pamene iye ankapanikizapo chishalo. "Waona? Chizikhala kumbuyo kwa apa. Lamba naye asatsetsereke pakhwapa, ndipo chikhatho chako chizilowa pansi pake."

Anakhala pansi nasula ulusi wa kunsi kwa chishalocho, nawonjezamo ubweya wa nkhosa mbali zonse ziwiri. Manja ankanjenjemeradi, singano inagwa kawiri. Yoramu anaitola kawiri konseko osawayang'ana kumaso.

"Masabata atatu asakweredwe," anatero a Langford. "Ukamuuze bwana kuti chishalo chinabwera chotakata. Si bodza."

Yoramu akadakonda kuti amutukwane. Tsiku lonse nsima inamukanika.

Madzulo dzuwa lisanalowe anapita kunyumba kwa a Langford. Anapeza a Selestina akupeta mapira, ndipo anavula chipewa nanjuta chapatali.

"Amayi, zija ninakamba n'zabodza. Kavalo ninamupweteka ndine."

A Selestina sanaleke kupeta. "Ise tidziwa kale. Wauza ine, nanga ku chitsime akauze ndani?"

M'mawa mwake Yoramu anapita ku chitsime amayi atadzaza ndi ndowa zawo. Anaima pakati pawo nanena zonse: kuti ku usilikali sanamangepo chishalo, kuti a Langford alibe mlandu. Ena anaseka, wina anati, "Shuwa, mwamuna wamkulu ngati uyu!" Anapitanso kwa kapitawo, amene anamukalipira pamaso pa anthu, koma sanamuchotse ntchito.

Mzungu uja sanawabwezere a Langford kukhola. Chilonda chinapola patatha mwezi, ndipo pamalopo panamera ubweya woyera umene sunasinthenso. Yoramu anagwira pa famuyo zaka zina zinayi, ndipo akamadutsa pa dimba ankapereka moni kwa a Langford ali chiweramire.