Chisanu pa Galasi la Gunvor

Masana a Disembala pachilumba cha ku Svalbard, kumene dzuwa silituluka mwezi umenewu, kunja kuli bii. Gunvor anazimitsa nyali za galimoto asanafike pamwamba pa phiri. Amatero aliyense wopita kunyumba ya makamera ojambula thambo, kuopa kuwononga zithunzi.

Anavula nsapato pakhomo, mfuti yodzitetezera ku zimbalangondo n'kuiyedzeka pakona. Halvard anali kale m'kati, khofi ali m'manja. Awiriwa anaphunzira limodzi kuyunivesite ya ku Tromsø. Tsopano makamera awo anali moyandikana padenga, iliyonse m'chivundikiro chake chagalasi.

"Wachedwatu, mayi wa roketi," anatero Halvard. "Kumwamba kwayera. Lero iuluka basi."

Roketi imeneyi Gunvor anaidikira zaka. Inayenera kupyoza kuwala kwa kumpoto, kuwala kwamitundumitundu kumene kumavina m'thambo la kumeneko, kamera yake ikujambula kuchokera pansi nthawi yomweyo. Popanda zithunzizo, digiri yake ikanafera m'mazira. Roketi ina panalibe.

Dzulo lake hita yotenthetsera m'chivundikiro cha Halvard inapsa. Inatsala ya Gunvor yokha. Popanda hita, galasi limagwira chisanu. Koma mwambo wa paphiripo aliyense amaudziwa: tsiku la roketi, zida zonse ndi za mwini roketi. "Kagone iwe," Halvard anali atamuuza. "Galasi lako ndiliyang'anira ine."

Wailesi inalira. Oulutsa roketi, kumpoto kwa chilumba, anayamba kuwerenga chobwerera. Pakompyuta ya Halvard thambo linali psuu, mizere yofiira ikugwedezeka m'mphepete. Pa ya Gunvor, mbuu.

"Kamtambo kameneko," anatero Halvard, maso ali kwina.

"Mtambo wosankha kamera?"

Roketi inanyamuka. Gunvor anakwera makwerero a m'kati, masokosi okhaokha. Anapapasa mumdima. Galasi linali lokhakhala, lozizira mobaya zala. Pamene pamakhala hita panali pululu. Anatsatira chingwe ndi dzanja. Chinakalowa m'chivundikiro cha Halvard, mofunda bwino.

Anapala chisanucho ndi zikhadabo. Chinkabwereranso akangopuma.

"Tamvera kaye," anatero Halvard ali pansi pa makwerero. "Kufiira kotereku sindinakuonepo chiyambire ntchito. Ndimati ndibweza usanafike, ndiye kuwalako sikunaleke."

"Unandiuza kuti ndikagone."

"Zithunzi zanga ndi zako zomwe. Dzina lako ndililemba kachiwiri, pambuyo pa langa."

"Kamera yako imaona zofiira zokha, Halvard. Ine ndizitani?"

Pawailesi anthu anayamba kukuwa ndi kuwomba m'manja. Roketi inali itamaliza ulendo wake, yagwera m'nyanja. Kenako mawu a mkulu wa gulu lonse la roketi anamveka, achimwemwe: "Gunvor, tiuze! Wajambula zotani kumeneko?"

Anatsika pang'onopang'ono, zala zitachita dzanzi. Malo onse ofufuzira pachilumbapo anali kumvetsera. Halvard anapukusa mutu, momupempha.

Gunvor anadina batani la wailesi.

"Ndilibe ngakhale chimodzi," anatero. "Funsani Halvard. Hita yanga ili kwa iye."