Kamphira ka Kuphazi kwa Ndodo

Kufakitale ya mphira ankawatchula kuti a Injiniya, ngakhale sukulu anaisiyira panjira, ndipo dzinalo analilandira ndi manja awiri. Ntchito yawo inali kusakaniza mphira ndi sulufule n'kuphika mu uvuni. Wokhala nawo pafupi ankaphunzitsidwa, afune asafune.

"Mphira yaiwisi ili ngati ulusi womwazikana," ankatero ngakhale pamaliro. "Sulufule ndiye amamanga mfundo pakati pake. Mfundo zikachepa, imamata ngati phula. Zikakwanira, imatamuka n'kubwerera."

Akazi awo atadwala sitiroko, mwendo umodzi unafooka. Adokotala anati ayendanso ndithu, bola asayambe kuopa pansi. Anawapatsa ndodo yachitsulo yokhala ndi kamphira kuphazi.

A Injiniya anakafinya kamphirako, n'kupukusa mutu.

"Mkazi wanga sangayendere chingamu."

"Kasiyeni, bambo, kakugwira bwinobwino," anatero akazi awo.

"Mayi, za kukhitchini ndimakutsutsani ine?"

"Tsiku lililonse."

Anakapanga kawo. Poti kanali ka akazi awo, sanaumire: sulufule anathira mowolowa manja, mu uvuni anakasiyamo mpaka mtima unakhutira. Zoti mfundo zikachulukitsa mphira imauma gwa ngati nyanga ankazidziwa. Iwo anangoganiza kuti nyanga siitha msanga.

Kunyumba anakaveka ku ndodo, ataimirira ngati akutsegulira mlatho. Mayi anadzuka pabedi, ndodo ikulira go, go, pasimenti yopaka polishi. Pakhomo la chipinda anaitsamira ndi thupi lonse. Inaterereka. Anagwa chammbali, chiuno n'kuthyoka.

Fupa linalumikizana patapita miyezi, koma pansi anali atayamba kupaopa.

A Injiniya anapanga kamphira kena, ulendo uno mwa muyeso, kofewa pokafinya, kobwerera pokasiya. Anayenda nayo ndodoyo m'chipindamo, kuchoka pawindo kukafika pachitseko, akutsimphina dala, akuitsamira pomwe panali poterera.

"Taonani, mayi, sikusuntha. Tangoyesani kamodzi kokha."

"Ndakuonani, a Injiniya," anatero mayiwo. "Mukuyenda bwino."

Anakoka bulangete n'kutembenukira kukhoma.

Ndodoyo ili kuseri kwa chitseko, kamphira kake kakadali katsopano. Kuntchito munthu akafunsa za mfundo zija, a Injiniya amangoti, "Tsatirani muyeso," n'kutseka uvuni.