Makoswe Anga Si Agojo

Ine ndimaweta makoswe oyera ogwiritsa ntchito pakafukufuku. Sekani ngati mukufuna. Ndinayamba ndi awiri m'katoni ya nsapato, lero andikweza ndege kukafika maiko asanu ndi anayi, ndipo madokotala akuluakulu amadzuka pampando ndikalowa.

Mwana wanga wamkazi ankachita digiri yachiwiri pansi pa pulofesa wina wa mimba yotsogola ndi tayi wofika m'mawondo. Ntchito yawo inali yowiritsa masamba, madziwo n'kusakaniza ndi mankhwala a siliva mpaka mupangike tinthu tosaoneka ndi maso. Tinthuto ankamwetsa makoswe aamuna ogula kwa ine, masabata asanu ndi atatu, ena n'kuwasiya osawamwetsa kuti adzafananitse. Pulofesayo anali atalengeza kale pamsonkhano kuti poti n'zamasamba, ziwonjezera mphamvu za abambo. Kulengeza khoswe asanamwe n'komwe!

Mwana atayeza umuna wa makoswewo anaupeza wochepa, waulesi, wina wopindika michira. Anandipeza kumakola maso ali psuu.

"Adadi, akuti ndichotse manambalawa, apo ayi sasaina pepala langa. Akuti vuto si mankhwala, makoswe anu ndi agojo chibadwire."

"Nanga osamwetsedwa aja, si ali bwinobwino?"

"Akuti amenewo anachokera m'khola lina."

Tsiku loti mwanayo akaonekere kwa oyesa ndinavala suti yanga yaubweya yogula kunja, ndinakweza makola atatu m'galimoto. Ndinawapeza atakhala patebulo lansalu yoyera, timabotolo tamadzi tili ndandanda, mayi wapampando ali pakati. Ndinatsitsa makolawo pomwepo.

"Bambo, muno si mumsika," anatero pulofesa.

"Zoona achimwene, kumsika wonama amam'thamangitsa."

Ndinawafotokozera kawetedwe kanga. Ndikagulitsa khoswe, mbale wake mmodzi wa bere lomwelo ndimam'sunga, ndipo onse awiri ndimawaboola khutu mofanana.

"Uyu ndi mbale wa khoswe wanu nambala folo, ana khumi ndi mmodzi. Uyu wa nambala seveni, ana asanu ndi anayi, ndipo mkazi wake waima kale. Kumakola kwatsala ena khumi, onse ndi abambo. Gojo wake ndi uti?"

Tiana tofiira tinali yakaliyakali m'utuchi. Mayi wapampando anavala magalasi, anatuma mwana wanga kukatenga zithunzi za makoswe omwetsedwa aja, nayamba kufananitsa makutu limodzilimodzi. Pulofesa anayamba kulankhula za maulendo ake ndi mabuku amene analemba.

"Maulendo tisayambe, achimwene, pasipoti yanga inadzaza kawiri. Funso ndi lakuti, mukanathira madzi anuwo m'mabotolo n'kumagulitsa, amuna a eni ake akanadzadandaula kwa yani?"

Mayi uja anakweza mutu. "Apulofesa, makutu akugwirizana. Manambala akhale momwe alili. Cholembera muli nacho?"

Pulofesa anachifufuza m'matumba onse ngati chinalowa pansi. Ndinam'bwereka changa chagolide. Anasaina thukuta lili kamukamu, kenaka anati dzina lake lisaoneke papepalalo likamasindikizidwa. Palibe anam'nyengerera.

Tikunyamula makola pakhonde, mwana anandigunda ndi chigongono.

"Adadi, mwanunkhitsa chipinda chonse."

"Atsegule mawindo. Iwe gwira bwino khololo, adokotala a mawa, muli mayi woyembekezera."