Mabatani Makumi Anayi

"Ine ndadutsa malire a maiko asanu ndi awiri," anatero Wamalole akuzunguza makiyi pachala, "ndipo pansi pa thambo pano palibe amene angaime n'kunena kuti ndinagona ndi ndalama yake. Wakuba ndimamumva fungo asanakhale pansi."

"Ndiye nunkhizani, achimwene," anayankha mlongo wake, namwino. "Mwezi watha mashini anali anayi. Amayi atangogonekedwa m'chipatala, ena anamera miyendo."

Panali patatha masiku atatu chiikireni amayi awo m'manda. Awiriwa anaima m'chipinda chimene malemuwo ankasokeramo zovala. Mashini osokera analipo atatu. Pakona, pasimenti, panatsala zipsera za dzimbiri pamene pankakhala achinayi.

Onse anatembenukira kwa Singano, mtsikana amene ankasoka ndi amayiwo. Iye sankamva ndiponso sankalankhula, choncho anangopitiriza kulumikiza thumba pa yunifolomu ya sukulu. Kiyi wa chipindacho anali m'khosi mwake, pa chingwe. Pakhomo, a Simbi, bambo wa mwendo umodzi amene ankasita zovala, anali kuuzira makala atatsamira ndodo.

"Tigulitse zotsalazi zisanathe," anatero namwino motsitsa mawu, ngati Singano angamve. "Uyu akafotokozere apolisi. Nanga khadi ya amayi yolandirira chithandizo ili kuti? Wina akudya ndalama za munthu wakufa."

"Khadi anabweza okha zaka zinayi zapitazo," anatero a Simbi osadzutsa mutu.

"Ndani anabwezapo ndalama yaulere, madala?" Wamalole anaseka. "Kuyenda konse ndayendaku sindinamuonepo."

"Mumayenda kutali, bwana, ndiye za pafupi zimakudutsani. Bambo anu atamwalira, a komiti anawalemba mayi anu m'gulu la osowa. Mwezi ndi mwezi ankalandira kangachepe. Theka mukudya inu, theka akubisa. Mashini oyamba anachokera pamenepo. Atafika atatu anapita ku ofesi n'kukati, lembani wina, ine ndaima. Anangopempha chimodzi: pa mndandanda wanuwo, amene aliyense akumukana ntchito muzinditumizira. Ndi m'mene ndinafikira ine. Uyunso chimodzimodzi."

"Nkhani yokoma," anatero namwino. "Koma mashini ali kuti?"

Singano anali ataleka kupalasa mashini. Anayang'ana milomo ya namwino, n'kuyang'ana pakona paja. Anadzuka, nakwera pampando, n'kutsitsa mabotolo amene anali pamwamba pa kabati. Lililonse linali ndi kansalu kakekake pakhosi, ndipo ena anali ndi mabatani. Anasankha lopanda kanthu, nadziguguda pachifuwa, manja akuthamanga ndi zizindikiro.

"Akuti mashini ali kwawo, ndi ake," a Simbi anamasulira. "Mayi anu sankadziwa kulemba. Akakukongoza, amaika mabatani m'botolo lako. Batani limodzi ndi chikwi chimodzi. Ukalipira, amachotsa batani. Botolo likauma, mashini unyamule, ukayambe zako."

"Botolo louma si lisiti," anatero Wamalole. "Ngakhale ine ndingalikhuthule."

Singano anakankhira botololo m'manja mwa namwino, nalozera kukamwa kwake. Linali lotsekedwa ndi nsalu yosokedwa pamanja kuzungulira. Namwino analisendeza pa zenera. Ulusi unapendekera kumanzere, ndipo pomaliza panali mfundo ziwiri zogundana. Amayi awo anali amanzere. Mpendero wa diresi imene iye anavala tsikulo unasokedwa chimodzimodzi.

"Ndi dzanja la amayi," anatero, mawu atachepa.

Wamalole anatsokomola, n'kuyamba kusuntha mabotolo ena ngati akufuna cholakwa china. Lakumapeto linali lolemera, lodzaza mabatani akuda. Kansalu kake kanali kakhaki, ka kolala yothetheka. Anakadziwa. Inali shati imene anavala tsiku limene anapita kukaphunzira kuyendetsa galimoto.

"Awa ndi a ndani?" anafunsa namwino. "Achimwene, paja laisensi munalipira nokha ndi ndalama zonyamula katundu pa depoti?"

Makiyi aja analeka kulira.

"Ndinawagulira foni," anatero Wamalole. "Mabulangete, malata a nyumba yonse. Ndani sakudziwa?"

"Ankayamika," anatero a Simbi. "Ankati mphatso ndi mphatso, koma mwana wanga ananena yekha kuti adzabweza, ndiye sindimukumbutsa, angachite manyazi. Chaka chilichonse botolo lanuli ankalipukuta fumbi. Pali mayi wina wa ana atatu amene ofesi inamutumiza, akudikira mashini. Ankamuuza kuti dikira pang'ono, ndalama yako ili pa ulendo."

Wamalole anakhala pampando wa amayi ake, umene unamuchepera. Anakhuthulira mabatani pathebulo lodulirapo nsalu, nayamba kuwasuntha ndi chala limodzilimodzi. Palibe anamuthandiza. Atamaliza anatulutsa chikwama, n'kuyala ndalama pambali pa mabataniwo, batani lililonse ndi chikwi chake.

"Chipinda chino sichigulitsidwa," anatero osayang'ana mlongo wake. "Madala, muuzeni Singano kiyi asavule."

Singano sanadikire kumasuliridwa. Anasesera mabatani m'chitini chachikulu, nadula kansalu, n'kuvindikira botolo la Wamalole lija, limene tsopano linali louma. Analowetsa ulusi m'singano, koma sanasoke. Anapatsa namwino singanoyo, namugwiritsa kudzanja lamanzere.

"Zakwana?" anafunsa Wamalole.

A Simbi anawerenganso, akunyowetsa chala.

"Zikwi makumi anayi," anatero. "Tsopano mukhoza kukanena m'maiko anu aja."