Makutu a Gitala ya Aphunzitsi

Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala pabanja ndi a Bonifasi, ndipo palibe chosema chawo chimene chinachokapo pakhomo pathu chisanadutse m'manja mwanga. Iwo amasema, ine ndimasalaza. Njovu, mitanda, mipando, Amayi Maria atanyamula mwana, zonsezo akamaliza kugoba amaziika pamphasa yanga, ine n'kuyamba ndi sandipepa wokhakhala, kenako wosalala, pomaliza polishi woyera ndi bulashi mpaka chinthu chiwale. Funsani pa Mua pano, kapena kwa ogulitsa ziboliboli m'mbali mwa msewu pa Mtakataka, akuuzani kuti dzanja la Cecilia limadziwika. Zala zanga zinakhakhala, zikhadabo zinada kalekale, koma sindinadandaulepo.

Amuna angawo ali ndi mbiri imodzi imene amainyadira kuposa ine ndi ana omwe. Osema ena amatenga mtengo wamba, n'kuupaka polishi wakuda wa nsapato, n'kumanamiza ogula kuti ndi phingo, mtengo wakuda wolimba uja. A Bonifasi ayi. Akati uyu ndi phingo, ndi phingo basi, ndipo a Bonifasiwo ankawanena anzawo achinyengowo pamaso.

Chaka chimene tinasankha pulezidenti kachitatu, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuwamba moti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa, pakhomo pathu panafika mphunzitsi watsopano wa kupulayimale, dzina lake Alice. Ndiye ankaimba gitala m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Amati ukaipa dziwa nyimbo. Uyu sanaipe, nyimbo n'kuzidziwanso. Nanga enafe tilowere kuti?

Anabwera atabereka gitalayo m'thumba lake. Kumutu kwa gitala kumakhala tizitsulo tisanu ndi kamodzi tokungira nsambo, kalikonse ndi kogwirira kake kopotokola ndi zala. Ine ndimangoti makutu. Ake anali apulasitiki, ndipo awiri anali atasweka, moti ankakunga ndi pulayazi.

"Bambo, andiuza kuti inu ndi amene mungandithandize," anatero atakhala pampando umene ndinamupatsa ndekha.

A Bonifasi anaitembenuza gitalayo uku ndi uku. "Ndikasema awiri amtengo, anayi apulasitikiwa azichita manyazi. Tichotse onse, aphunzitsi."

Mtsikanayo anaseka, iwonso anaseka. Ine nthabwala za bambo amenewa ndinazimva komaliza tili pachibwenzi.

Kenako a Bonifasi anakatapa dongo kuseri kwa nyumba, naumba kampira, n'kumuuza kuti akatsine ngati mmene amagwirira pokunga. Atatsina, anati sizinaoneke bwino. Anamugwira chala chachikulu, n'kuchikanikiza okha padongopo, diso lili pomwepo ngati dokotala. Zala zake zinali zazitali, zosalala, zosadziwa khasu. Ine ndili pamphasa pomwepo, mvuu yamtengo pamiyendo, fumbi mpaka m'nsidze. Dongo lija analiyanika pawindo la kuchipinda kwathu, ndipo m'mawa uliwonse ndikadzuka choyamba kuona chinali chala cha mkazi wina.

Mtengo wake sanakagule. Anakwera padenga n'kutsitsa chidutswa cha phingo chimene anawasiyira malemu bambo awo, chouma zaka ndi zaka. Kangapo konse ogula anachifuna, iwo n'kumakana, amvekere chikudikira ntchito yake. Ine mumtima ndinkati mwina tsiku lina adzandisemera kenakake, ngakhale chipeso. Apa n'kuti mthiko wa m'nyumba ya wosema ndinachita kugula pa Golomoti.

Sabata ziwiri anakhala pa timakutu timeneto. Maoda ena anaima. Phingo amakhala wakuda m'kati, koma kunja chakukhungwa amakhala woyererako, ndiye iwo anadula mochenjera kuti khutu lililonse likhale ndi kamzere koyera m'mphepete. Aphunzitsi anabwera katatu kudzayesa. Ankandipatsa moni atagwada, kunditchula kuti amayi, tsiku lina mpaka anandibweretsera shuga. Ulemu umenewo ndi umene unkandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa unkandisowetsa poyambira.

Tsiku limene anamaliza kugoba, ndinayala mphasa yanga, n'kudula sandipepa tizidutswa ting'onoting'ono, n'kumadikira. Ndinangoona bambo atenga okha sandipepayo, akhala pansi pa mtengo wa mango, ayamba kusalaza.

"Bweretsani kuno, bambo a Pempho," ndinatero.

"Ayi mayi, izi zisiyeni. N'zazing'ono, mungadye pamene ndagobera chala."

"Ine? Ine amene ndimasalaza zala za Yesu wapamtanda osathyolapo n'chimodzi chomwe?"

"Sindikukunyozani. Komanso izi sizifuna polishi. Si zapashelefu izi, zizigwiridwa tsiku ndi tsiku munthu ali thukuta. Phingo weniweni amawala yekha ukamupukuta ndi nsalu."

Sanakweze n'komwe mutu poyankhapo. Ankaimba chamumtima nyimbo ya kwaya, munthu woti kutchalitchi amangoyendetsa milomo. Ndisakunamizeni, ndinachita nsanje yoopsa. Zoti agona naye sindinaganize. Chimene chinkandidya n'chakuti malo anga pa ntchito ya amuna anga, malo okhawo amene ndinkadziwa kuti palibe angandilande, anali atatsekedwa chifukwa cha mkazi ameneyu.

Lachisanu anabowola khutu lililonse, kulipala ndi tupa mpaka ligwirane ndi kachitsulo kake, kuthira guluu, n'kuipachika gitalayo pamsomali m'nyumba. Loweruka kunali ukwati wa mwana wa akatekisiti, ndipo kwaya inkayenera kuimba. M'mawa wa tsikulo a Bonifasi anamanga ziboliboli panjinga kuti akazikweze minibasi pa Mtakataka.

"Aphunzitsi adzera pano popita kutchalitchi, muwapatse," anatero. "Ine tikapezana komweko."

Atangochoka ndinaitsitsa, n'kutsegula thumba lija. Abale, zinali zokongola. Ndimadana nazo kuvomera, koma chinthu chokoma chotero bambo amenewa anali asanasemepo. Khutu lililonse linali ngati nthanga ya dzungu, lakuda bii, kamzere koyera kakuzungulira m'mphepete, pakati pali kadzenje kogonekapo chala. Ndinaikapo chala changa. Sichinakwane. Chinangokhala pamwamba, chachikulu, chong'ambikang'ambika.

Polishi wakuda pantchito yathu saloledwa, koma m'nyumba analimo wa nsapato za Pempho zakusukulu. Ndinamutenga. Ndinapaka khutu lililonse mokhuta, kudzaza tidzenje tija, kukwirira timizere toyera tonse, kenako n'kupukuta pamwamba pokha pang'ono kuti pawale. Ntchito imeneyi ndimaidziwa, ndinkadziwa bwino kuti polishi wosapukutidwa akakumana ndi thukuta amatani. Za a Bonifasi sindinaganizeko ngakhale pang'ono. Ndinkangofuna kuti zala zosalalazo zide ngati zanga, tsiku limodzi lokha.

Alice anafika akuthamanga, atavala bulauzi yoyera ya kwaya. Sanatsegule n'komwe thumbalo.

"Amayi, Mulungu akudalitseni inu ndi abambo," anatero.

"Pitani bwino, aphunzitsi. Mukaimbe mokoma."

M'tchalitchi munadzaza, malata akuthetheka ndi dzuwa. Kukatentha chonchi nsambo zimalefuka msanga, ndiye nyimbo ikatha iliyonse Alice ankapotokola makutu aja. Ngati anaona kuti timizere toyera tasowa, mwina anayesa ndi mmene osema amamalizira. Ine ndinakhala mbali ya amayi, malo oti ndizimuona bwino. Pofika nyimbo yachitatu nsonga za zala zake zinali zitada. Anapukuta thukuta pachipumi, pakhala mzere. Anakonza kolala, pakhala zala zitatu. Atsikana a kutsogolo anayamba kugwedezana, kuseka kukuyenda benchi ndi benchi mpaka akwati anacheuka. Mnzake wina anamunong'oneza. Anayang'ana m'manja mwake, nayang'ana pabulauzi, koma nyimbo inali itayamba kale, ndiye anaimba choncho mpaka kumapeto, misozi ikudula m'mizere yakudayo.

Ndinakondwa. Inde, ndinakondwa, mtima unachita kuti myaa. Chimwemwecho chinandifikitsa pakhomo la tchalitchi basi.

Panja anthu anamuzungulira, amayi ena akumupukuta ndi chitenje. Pomwepo panali a Silvesta, wosema wa kumsewu amene a Bonifasi anawachititsapo manyazi pamaso pa wogula. Anapaka chala pakhutu limodzi, nachinunkhiza, n'kuchikweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Taonani kuno, anthuni. Phingo wa a Bonifasi akusuluka ngati nsalu yotchipa. Paja ankati akuba ndife? Mpaka kubera aphunzitsi a ana athu, gitala ya m'nyumba ya Mulungu."

Anthu anaseka, ena akupukusa mitu. Wina ndinamumva akuti mtanda umene anagula chaka chatha akaukanda akafika kunyumba, aone m'kati mwake. Apo m'pamene ndinakabisala kumbuyo kwa amayi anzanga.

A Bonifasi anadutsa pakati pa anthuwo, natenga gitala ija. Anapaka chala, nanunkhiza. Kenako anakweza maso, n'kundipeza pamene ndinaima kumbuyo kwa amayi anzanga, ngati ankadziwa kale pomwe ndili. Ndinayembekeza kuti anditchula, ndipo bola akanatero.

"Aphunzitsi, pepani," anatero. "Zalakwika kwathu. Ndikonza."

Kumadyerero sitinapite. Masana onse anakhala pansi pa mango ndi kansalu ka parafini. Pakuda paja polishi anachoka, koma timizere toyera tinali titamwa, tasanduka totuwa ngati phulusa. Anayesa kupala kamodzi, kadzenje ka chala n'kuwonongeka. Anaika pansi.

Kukhala chete kwawoko kunandikwana. Ndinayamba ndine.

"Nenanitu. Mwangoti duu bwanji? Ndapaka ndine, inde. Zaka khumi ndi chimodzi ndikumeza fumbi lanu, munandisemerapo chiyani? Munayamba mwandigwirapo chala kuti muone kukula kwake? Abwere wa bulauzi yoyera, mpaka phingo wa bambo anu watsika padenga."

"Mukanandipaka ineyo kumaso, mayi a Pempho. Mwapaka dzina langa."

"Ndiyankheni chimodzi. Mumamufuna mtsikana ameneyu?"

Anapinda kansalu ka parafini kaja.

"Ndinkafuna ntchitoyo," anatero. "Zonse zimene ndasema moyo wanga zimakakhala pashelefu kwa anthu osawadziwa, kumangotola fumbi. Ichi chokha chinali choti chizigwira ntchito pano, ine ndikumva ndi makutu anga. Zinazo sindinaziganizepo. Mwaziganiza ndinu."

Lamulungu titaweruka ku Misa anapita kukapepesa kunyumba za aphunzitsi, gitala kumsana. Anabwerako opanda gitalayo, ine sindinafunse. Ndinaphika nkhuku, anadya, nathokoza ngati mlendo.

Lolemba m'mawa ndinayala mphasa yanga mofulumira. Ndinali nditakonza mawu opepesa usiku wonse, ndipo ndinkati akakhala pansi ndiyambe. Koma sanakhale. Anatulutsa chikwama cha zida, naikamo matchizulo ogobera, tupa, chobowolera, guluu. Chidutswa cha phingo chotsala anachimanga pakaliyala ya njinga.

"Kodi ulendo wa kuti?" ndinafunsa.

"Kwa aphunzitsi. Ndikasemera pakhonde pawo."

"Pakhomo pano palibe mthunzi?"

"Pano palibe angakhulupirire. Kujaku ndi panjira, aliyense wodutsa aziona mtengowo ndi maso ake, kuyambira podula mpaka pomaliza. A Silvesta akafuna adzakhale pomwepo. Apo ayi sindidzagulitsanso phingo pa Mua pano, ndipo ana awa adya chiyani?"

Zimene ankanenazo zinali zoona.

"Masiku angati?" ndinafunsa.

"Oyamba aja ananditengera sabata ziwiri."

Sabata ziwiri pakhonde la mkazi uja, iye akuweruka kusukulu masana, kuwapatsa madzi akumwa, kutsinanso dongo.

"Ndiye ndizibwera masana kudzasalaza," ndinatero. "Ulendo uno ndisalaza bwino, bambo a Pempho. Mudzaona nokha."

Anandiyang'ana, osati mwaukali, koma ngati munthu wotopa.

"Aphunzitsi apempha kuti musayandikenso gitala yawo. Ati kusalazako aphunzira, ndiziwaonetsa."

Anawerama pamphasa yanga, natenga mpukutu wa sandipepa wosalala uja, naung'amba pakati. Theka anandisiyira, theka anaika m'chikwama, n'kukankha njinga kutuluka pachipata.