Ubatizo wa Lowell Schrag

Chaka chimenecho boma la Amereka linapeza pogwirira anyamata a m'makoleji. Lamulo lake linali lalifupi: mnyamata amene sanapite ku positi ofesi kukalembetsa kuti boma lidzathe kumuitana kukabuka nkhondo, asayembekezere thandizo la fizi. Lowell Schrag ankaphunzira zoti adzakhale dokotala wa ziweto, ndipo anakana kulembetsa. Thandizo linaduka pomwepo, teremu ina ili pakhomo.

Kukana nkhondo sichinali chachilendo m'dera lawo la alimi a tirigu ku Kansas. Anthu a kumeneko ndi Akhristu a mpingo wa Amenonaiti, ndipo azigogo awo ankalolera kulowa ndende kusiyana ndi kugwira mfuti. Mpingo wa kwawoko unali utasonkha kale thumba lothandizira anyamata ake otayidwa ndi boma. Chomwe chinamupha Lowell chinali pakamwa pake. Pa chakudya cha Khrisimasi ananena pamaso pa abale onse kuti Mulungu kulibe, mpaka amayi ake, a Orpha, anagwetsa mbale ya mabanzi.

Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lowell anapita kwa amalume ake, a Verlin Unruh, dikoni wosunga thumbalo. Anawapeza m'shedi akupaka girizi makina okololera tirigu, ndipo sanadzuke n'komwe.

"Ee, wabwera pulofesa," anatero a Verlin. "Mulungu kulibe, koma ndalama zake zilipo eti?"

"Amalume, inenso ndakana nkhondo ngati anzangawo."

"Anzakowo akana chifukwa Yesu anati bweza lupanga m'chimake. Iwe wakuuza ndani?"

"Palibe wandiuza. Munthu ali ndi moyo umodzi basi, kutsogoloku kulibe wina. Ukamupha ndiye kuti wamulanda zonse. Inu mungadzitonthoze kuti adzauka, koma ine ndilibe podzitonthozera."

A Verlin anapukuta manja pa ovolosi, akumwetulira ngati munthu amene waona mbewa ikuyandikira msampha.

"Zokoma m'makutu zimenezo. Koma chikumbumtima chopanda mwini ndi galu wongoyendayenda, amatsata aliyense womuponyera fupa. Thumbali ndi la ana a mpingo. Batizidwa kaye."

Lowell anavutika nazo masiku angapo. Anafuna ganyu, koma ganyu wa pa famu salipirira munthu koleji. Sukulu ankaikonda, tisabise, kuposa mmene ankakondera kunyada kwake. Pomaliza anadziuza kuti madzi a pamutu sanaphepo munthu, pamene dzina loperekedwa ku boma tsiku lina lidzasanduka mfuti m'manja mwake. Anasankha bodza lopanda magazi.

Kumpingo kumeneko sabatiza makanda. Munthu amaimirira yekha pamaso pa onse n'kufotokoza ndi pakamwa pake mmene anakumanira ndi Ambuye. Lowell anaimirira Lamulungu m'mawa, atavala malaya oyera, n'kuyamba kupeka. Anati Ambuye anam'peza ali yekha m'munda wa tirigu wa amalume ake, dzuwa likulowa. Anapeka bwino, mwana wophunzira, moti azimayi a m'mabenchi akutsogolo anatulutsa mipango. Iye manyazi ankamutentha m'makutu, ndipo ankadzida ndi mawu aliwonse otuluka.

Kenako anagwada. Abusa anakhazika manja pamutu pake, dikoni n'kubwera ndi jagi. Mwambo wake ndi wothira pang'ono chabe, koma a Verlin anapendeketsa jagi yonse. Madzi ozizira anatsikira m'kolala, kumsana, mpaka m'thalauzi, ana a kumbuyo n'kuyamba kuseka mobisa.

"Dzuka, m'bale," anatero abusa, akumugwira dzanja.

Komiti ya thumba inakumana patatha masiku ochepa m'chipinda cha pansi pa tchalitchi. Munali a Verlin ndi akulu ena awiri, a Voth ndi mnzawo, khofi ali patebulo, koma Lowell sanam'patse kapu ngakhale mpando.

"Tandiyang'ana kuno," anatero a Verlin. "Umakhulupirira Mulungu?"

"Ndimakhulupirira, amalume."

"Kweza mawu, a Voth samva bwino."

"Ndimakhulupirira!"

A Verlin anaomba m'manja kamodzi n'kutembenukira anzawo. "Mwamva abale? Mwezi watha Mulungu kunalibe. Fizi yafika, Mulungu wapezeka, m'munda wanga womwe wa tirigu, ine mwini munda osamuona."

"Verlin, ndi mwana wa mlongo wako ameneyu," anatero a Voth motsitsa mawu.

"N'chifukwa chake ndikumudziwa." Anabwerera kwa Lowell. "Tsiku lija m'shedi unandichititsa mantha, mphwanga. Ndinati mwina mwanayu ndi wosagwedezeka. Ukanakana madziwo, ndikanakhala ndi chonena kwa abalewa. Koma munthu wogwada chifukwa cha fizi adzagwiranso mfuti chifukwa cha fizi. Thumbali ndi la okana zenizeni."

"Munati ndibatizidwe kaye."

"Ndinatero, kuti ndione mtengo wako. Ndauona, ndi wotchipa."

A Voth anayang'ana m'kapu mwawo. Winayo ankatola nyenyeswa za keke patebulo ngati ndi ntchito imene anabwerera. Palibe anatsutsa, ndipo Lowell anakwera masitepe n'kutuluka.

Akanatha kusiya sukulu n'kukhala wokana nkhondo wosamalira nkhumba za eni. Anaziganizira ndithu. Koma atafufuza mumtima mwake chinthu chija chimene chinamuletsa kulembetsa poyamba, sanachipezenso. Munthu amene wanama kawiri pamaso pa anthu amayamba kukayika ngati ananenapo zoona.

Lolemba anapita ku positi ofesi kukalembetsa, kuti thandizo la boma libwerere. M'mphepete mwa kakhadi kolembetserako analemba ndi zilembo zing'onozing'ono kuti iye ndi wokana nkhondo. Kalaliki wa pa positipo, bambo amene kale anali msilikali, anaseka. "Lemba zonse zimene ukufuna, mnyamata. Kumeneko amawerenga dzina ndi adiresi basi." Anadinda kakhadiko n'kukaponya m'bokosi.

Kunyumba anapeza amayi ake akumulongedzera sutikesi yobwerera nayo kukoleji, akuimba nyimbo ya m'buku chapansipansi. Chibatizidwire Lowell, a Orpha ankayenda ngati atsitsimuka ku matenda aakulu.

"Amayi, ndalembetsa," anatero ataima pakhomo. "Amalume andimana. Zonse zija ndinanena m'tchalitchi zinali..."

"Shh, usatero." Anasiya malaya amene ankapinda n'kumugwira masaya ndi manja onse awiri, nkhope yawo ikuwala ndi chimwemwe chenicheni. "Ine usiku ndinkangotembenuka, kuopa kuti nkhondo ikabwera udzafa uli wotayika. Panopa mtima wanga uli m'malo, mwana wanga. Ngakhale akutenge mawa, wabatizidwa."